KODI MAGANIZO OKAKAMIRA ANGABWERE OKHA POPANDA ZOCITA ZOBWEREZA-BWEREZA?

 Phunziro la lero likunena za matenda amene ambiri a ife sitidziwa dzina lake, ngakhale kuti ena tikukhala ndi odwala ake m'nyumba imodzi. Tikupemphani kuti muliwerenge pamodzi ndi a m'banja mwanu, ndipo ngati pali agogo kapena wacibale amene satha kuwerenga, muwawerengere mokweza.

Tiyambe ndi zitsanzo ziwiri zongoyerekezera, zimene zifanana ndi nkhani zomwe anchito a zaumoyo amakumana nazo.

Woyamba ndi bambo amene ali ndi kanthemba pa msika wa ku Chadiza Boma. Madzulo akatseka, amakhoma loko, n'kuyenda pang'ono, n'kubwerera kukaigwira kuti aone ngati yakhomekadi. Amabwerera kasanu, nthawi zina kakhumi. Amafika kunyumba nsima itazizira, ndipo usiku amadzukanso kangapo kukaona ngati mbaula yazima. Anzao pamsika amawaseka. Bvuto lao aliyense amaliona.

Waciwiri ndi mai wacitsikana amene ali ndi khanda la miyezi itatu. Tsiku lina akudula repu, ganizo linamubwerera mwadzidzidzi lakuti angathe kulasa mwana ndi mpeni umene unali m'manja mwake. Anacita mantha kwambiri n'kuponya mpeniwo pansi. Kuyambira tsiku limenelo ganizolo limabwera kambiri-mbiri. Mwanayo amamukonda ndi mtima wonse ndipo sanamucitepo coipa. Maiyu sabwereza kusamba m'manja, saona maloko. Oyandikana naye amangoti waonda ndiponso wakhala wacete. Sanauze munthu aliyense, poopa kuti apongozi ake adzati walowedwa ciwanda kapena ndi mfiti, n'kumulanda mwana.

Kodi anthu awiriwa akudwala matenda amodzi? Kodi munthu angakhale ndi maganizo okha popanda zocita, kapena zocita zokha popanda maganizo? Limeneli ndilo funso la phunziro lathu.

MATENDAWA NDI OTANI?

M'Cingelezi matendawa amachedwa obsessive-compulsive disorder, ndipo madokotala amafupikitsa kuti OCD. Dzinali lili ndi mbali ziwiri, ndipo tiyenera kuzimvetsa zonse.

Mbali yoyamba tiicha maganizo okakamira. Awa ndi maganizo, zithunzi za m'mutu kapena zilakolako zimene zimalowa mwa munthu iye asakufuna, ndipo zimabwera mobwereza-bwereza. Zimamunyansa kapena kumuopsa. Amadziwa kuti zikucokera m'mutu mwake momwemo, koma akayesa kuzithamangitsa zimabweranso. Zofala kwambiri ndi izi: kuopa dothi ndi tizilombo ta matenda, kukaika ngati wakhoma citseko kapena wazimitsa moto, kuopa kuti angabvulaze munthu amene amamukonda, maganizo onyoza Mulungu pa nthawi ya pemphero, ndi zithunzi za ciwerewere zimene mwini wake amadana nazo.

Mbali yaciwiri tiicha zocita zokakamizika. Izi ndi zinthu zimene munthu amadzimva kuti ayenera kucita basi, kuti mantha acepe kapena kuti coipa cimene akuopa cisacitike. Zitsanzo zake ndi kusamba m'manja mpaka khungu kung'ambika, kuona loko kambiri, kuwerenga masitepe, ndi kuika zinthu mwa dongosolo limodzi lokha.

Tonse timakaika nthawi zina ngati tatseka pompi. Zimakhala matenda pamene zinthu izi zikudya nthawi yambiri, monga kuposa ola limodzi tsiku lililonse, kapena pamene zikusautsa munthu mpaka kulephera nchito, sukulu kapena kusamala banja. Kufufuza kwa m'maiko osiyana-siyana kumaonetsa kuti pa anthu 100 alionse, mmodzi mpaka atatu amadwala matendawa pa moyo wao. Kawiri-kawiri amayamba munthu ali wacinyamata, ca m'ma zaka 19 kapena 20, ndipo anyamata ambiri amayamba akali ana. Kwa azimai, nthawi ya pakati ndi miyezi yoyamba atabereka ndiyo nthawi imene matendawa amakonda kuyamba kapena kukula.

MMENE MBALI ZIWIRIZI ZIMAGWIRIZANIRANA

Taganizirani za munthu wodwala mphere. Khungu limayabwa, iye amakanda, ndipo amamva bwino kwa kanthawi. Posakhalitsa kuyabwa kumabweranso, ndipo cifukwa ca kukanda kuja pamakhala cilonda cimene cimayabwa koposa. Maganizo okakamira ali ngati kuyabwa, zocita zokakamizika zili ngati kukanda.

Bambo wa kanthemba uja akamacoka, ganizo limabwera: bwanji ngati sindinakhome, akuba n'kutenga katundu yense wa ngongole? Mtima umathamanga. Akabwerera n'kugwira loko, mtima umakhala pansi. Ubongo umaphunzira kuti cimene cacotsa mantha ndi kubwerera kuja. Mawa ganizo likabwera, cikakamizo cobwerera cimakhala camphamvu kuposa dzulo. Bamboyu sapeza mpata wophunzira kuti ngakhale akanapanda kubwerera, mantha akanatsika okha ndipo loko ikanakhalabe yokhoma.

KODI MABUKU A MADOKOTALA AMATI CIANI?

Yankho lalifupi ndi lakuti inde, munthu angapezeke ndi OCD ngakhale mbali imodzi yokha ndiyo ikuoneka. Buku la madokotala a matenda a maganizo a ku America lochedwa DSM-5, limene linatuluka m'caka ca 2013, limanena kuti wodwala angakhale ndi maganizo okakamira, kapena zocita zokakamizika, kapena zonse ziwiri. Buku la bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO lochedwa ICD-10, limene linagwiritsidwa nchito kuyambira m'zaka za m'ma 1990, linagawa odwala m'magulu: amene maganizo ndiwo aculuka, amene zocita ndizo zaculuka, ndi amene ali ndi zosakanikirana. Buku latsopano la ICD-11, limene linayamba kugwira nchito mu January 2022, linacotsa magulu amenewa, ngakhale limabvomerezabe kuti mbali imodzi ingakwanire.

Cifukwa cimodzi cocotsera magulu aja ndi zimene ofufuza anapeza atayamba kufunsa odwala mosamala. M'caka ca 1995, Edna Foa ndi Michael Kozak pamodzi ndi anzao anafalitsa zotsatira za kufufuza odwala oposa 400 m'zipatala za ku North America. Anapeza kuti odwala pafupi-fupi 96 pa 100 alionse anali ndi mbali zonse ziwiri. Pafupi-fupi awiri okha pa 100 anali ndi maganizo popanda zocita, ndipo enanso pafupi-fupi awiri anali ndi zocita popanda maganizo. M'caka ca 2011, Monnica Williams ndi anzake anaonetsanso kuti odwala amene kale anali kuchedwa a maganizo okha-okha nao ali ndi zocita zao, kungoti zimacitikira m'mutu kapena mwa kufunsa-funsa anthu.

Motero yankho lathunthu ndi ili: mbali imodzi yokha ingatheke, koma sizicitika kawiri-kawiri. Pamene cikuoneka ngati pali maganizo okha, nthawi zambiri zocita zilipo koma zabisika.

ZOCITA ZIMENE MASO SAONA

Tibwerere kwa mai wa khanda uja. Tinati sasamba m'manja mobwereza ndipo saona maloko. Koma nasi wodziwa nchito yake atamufunsa kuti, "Amai, ganizolo likabwera mumacita ciani kuti mtima ukhale pansi?" angamve zinthu ngati izi:

1. Amanena pemphero limodzi-modzi mumtima kasanu ndi kawiri, ndipo akasokoneza liu limodzi amayambanso.

2. Ganizo loipa likabwera, amayesa kuika m'mutu cithunzi ca mwana akuseka kuti cifafanize coipaco.

3. Amakhala maola akubwereza m'mutu zonse zimene wacita tsikulo, kuti atsimikize kuti sanabvulaze mwana.

4. Amadzifufuza mumtima kuti aone ngati ganizolo lamusangalatsa kapena lamunyansa.

5. Amafunsa amuna ake kambiri pa tsiku kuti, "Atate ake a mwana, kodi ndine mai wabwino? Kodi mwana ali bwino?"

6. Wabisa mipeni yonse kwa anansi, ndipo safuna kutsala yekha ndi khanda. Amaitana mng'ono wake kuti azimusambitsa.

Zisanu zoyambazo ndi zocita zokakamizika ndithu, mofanana ndi kugwira loko. Zimapatsa mpumulo wa kanthawi, ndipo pambuyo pake ganizo limabwera ndi mphamvu yoposa. Cacisanu ndi cimodzi ndi kuthawa cinthu coopedwa, ndipo naconso cimadyetsa matendawa, cifukwa tsiku lililonse limene mipeni ili kwa anansi, maiyu amakhulupirira kuti mwana wapulumuka cifukwa cakuti mipeniyo kulibe.

Zimenezi si zacilendo kapena za masiku ano okha. John Bunyan, mlaliki wa ku England amene analemba buku lochuka la The Pilgrim's Progress, anafotokoza m'buku lina la m'caka ca 1666 mmene ganizo lakuti agulitse Yesu linamusautsira kwa nthawi yaitali. Iye anali kuliyankha mumtima mobwereza-bwereza kuti akukana, ndipo nthawi zina anali kukankha ndi manja ndi zigongono ngati akukankha munthu. Madokotala ambiri a masiku ano amaona zizindikiro za OCD m'nkhani yake. Anali munthu wopemphera kwambiri, ndipo ganizo limene linamugwira linali lokhudza cinthu cimene anali kucikonda koposa. Ndi mmene matendawa amacitira. Mai wokonda mwana amabvutika ndi maganizo obvulaza mwana, ndipo mkulu wa mpingo amabvutika ndi mau onyoza Mulungu.

Pano tiyenera kusamala. Sitikunena kuti kupemphera ndi matenda. Pemphero la cikhulupiriro munthu amalicita mwaufulu ndipo akatha amapitiriza nchito zake. Pemphero lokakamizika limawerengedwa manambala, limabwerezedwa cifukwa ca mantha, ndipo silikwana. Abusa, ansembe ndi mashehe amene amamvetsa kusiyana kumeneku angathandize kwambiri nkhosa zao.

NANGA ZOCITA POPANDA MAGANIZO?

Mbali inayo nayonso imacitika. Pali anthu amene amabwereza zinthu koma mukawafunsa cimene akuopa amati, "Palibe, kungoti ndikapanda kucita sindimva bwino." Izi zimaoneka maka-maka mwa magulu atatu.

Loyamba ndi ana. Mwana wa Giredi 3 angafute ndi kulembanso cilembo cimodzi mpaka pepala kubooka, kapena kukana kugona mpaka nsapato zitayang'ana mbali imodzi. Ana aang'ono satha kufotokoza cifukwa cake, ndipo mabuku a madokotala amabvomereza zimenezi. Dziwaninso kuti ana ambiri a zaka ziwiri mpaka zisanu amakonda dongosolo limodzi pogona kapena pakudya, ndipo amasiya okha akamakula. Bvuto limakhalapo pamene mwana akulira, akucedwa kusukulu kapena akulephera kumaliza nchito cifukwa ca zobwerezazo.

Laciwiri ndi anthu amene adwala zaka zambiri. Poyamba panali mantha odziwika, koma pambuyo pa zaka khumi zocitazo zasanduka cizolowezi, ndipo mwini wake waiwala cimene cinaziyambitsa.

Lacitatu ndi amene amamva m'thupi kuti cinthu sicinakhale bwino-bwino, monga kuti dzanja lamanja lagwira khoma ndiye lamanzere liyeneranso kugwira. Kusamva bwino kumeneko kumagwira nchito imene ganizo loopsa limagwira mwa odwala ena. Ena mwa anthu a gulu ili amakhalanso ndi bvuto la kuphethira-phethira, kugwedeza mutu kapena kutulutsa timau mosafuna, ndipo ndi bwino kuuza dokotala za zimenezi.

Tisasokoneze matendawa ndi ukhondo. M'nthawi ya COVID-19, imene inafika m'Zambia mu March 2020, ndiponso pa mliri wa kolera wa m'caka ca 2023 ndi 2024, Unduna wa Zaumoyo unatilangiza kusamba m'manja ndi sopo tisanadye ndi tikacoka kucimbudzi. Kutsatira malangizo amenewa ndi nzeru. Munthu waukhondo amasamba kamodzi n'kupita kukadya. Wodwala OCD amasamba, n'kukaika, n'kusambanso, mpaka cigubu ca madzi cimene ana akatunga ku mjigo citatha, ndipo mtima sukhalabe pansi.

MAGANIZO OIPA AMABWERA KWA ALIYENSE

Mfundo iyi ndi yofunika kwa onse amene amadziona ngati oipa cifukwa ca zimene zimadutsa m'mitu yao. M'caka ca 1978, Stanley Rachman ndi Padmal de Silva anafunsa anthu osadwala ku England, ndipo anapeza kuti pafupi-fupi 8 pa 10 alionse anabvomera kuti maganizo osafunika, ofanana ndi a odwala, amawabwerera. M'caka ca 2014, Adam Radomsky wa ku Canada ndi anzake anafunsa ophunzira 777 m'maiko 13, kuphatikizapo Sierra Leone kuno ku Africa, ndipo pafupi-fupi 94 pa 100 anati anali ndi ganizo lotere m'miyezi itatu yapitayo. Ku Canada komweko, m'caka ca 2008, Nichole Fairbrother ndi Sheila Woody anapeza kuti pafupi-fupi theka la azimai obereka kumene amene anawafunsa anali ndi maganizo osafunika obvulaza khanda mwadala, ndipo azimai amenewa sanali ankhanza kwa ana ao kuposa anzao.

Cimene cimasiyanitsa wodwala ndi tanthauzo limene amapatsa ganizolo. Munthu wina ataima m'mbali mwa mseu angaganize zokankhira mnzake ku lole imene ikubwera, n'kudabwa, n'kuiwala. Wodwala OCD amati, "Ngati ndaganiza zimenezi ndiye kuti ndine woipa, ndipo ndingacitedi." Pamenepo amayamba kulimbana nalo ganizolo.

Kulimbanako ndiko kumalipatsa mphamvu. Daniel Wegner wa ku America anaonetsa zimenezi m'caka ca 1987 pouza anthu kuti asaganize za cimbalangondo coyera. Anthuwo analephera, ndipo pambuyo pake anaciganiza koposa. Yesani inunso tsopano: kwa mphindi imodzi musaganize za mbuzi yakuda. Mudzaona kuti mbuziyo ikukana kucoka.

Za cimene cimayambitsa matendawa, akatswiri apeza kuti amayenda m'magazi, cifukwa munthu amene kholo kapena mbale wake akudwala ali pa ciopsezo cokulirapo. Apezanso kuti mbali za ubongo zimene zimaticenjeza za ngozi zimagwira nchito mopitirira mwa odwala. Mabvuto monga maliro, kutha kwa nchito ndi kubereka angaautse. Matendawa amapezeka m'mitundu yonse ya anthu ndi m'zipembedzo zonse, ndipo si cilango ca chimo.

ZIZINDIKIRO ZIMENE ZIKUFUNA CITHANDIZO CA MSANGA

Makolo ndi apongozi ayenera kudziwa kusiyanitsa OCD ndi matenda ena. Mai wa OCD amadana ndi ganizo lake, amaliopa, ndipo amacita zonse kuti ateteze mwana. Anthu a matendawa sadziwika ndi kucita zimene amaopazo.

Koma pali matenda ena amene amagwira mai mmodzi kapena awiri pa 1,000 alionse obereka, kawiri-kawiri m'masabata awiri oyamba. Mai wotere amasokonezeka mutu, sagona kwa masiku, amamva mau a anthu amene palibe, ndipo angakhulupirire ndi mtima wonse kuti mwanayo si wake kapena kuti walamulidwa kumucita kanthu. Iye saona kuti pali colakwika. Uyu apite naye kucipatala tsiku lomwelo, ndipo asasiyidwe yekha ndi khanda.

Ndiponso odwala OCD ambiri amakhala ndi matenda a kukhumudwa kwakukulu cifukwa cotopa ndi nkhondo ya m'mutu. Munthu aliyense akanena kuti watopa ndi moyo kapena akufuna kudzipha, musazitenge ngati nthabwala. Cotsani mankhwala a m'munda, a makoswe ndi zingwe, khalani naye, ndipo mupite naye kucipatala mwamsanga.

CIFUKWA CAKE FUNSOLI NDI LOFUNIKA PA KUCIRA

Cithandizo cimene caonetsa mphamvu kwambiri cinayambitsidwa ndi Victor Meyer ku London m'caka ca 1966. Madokotala amacicha ERP. Wodwala, motsogoleredwa ndi wa zaumoyo wophunzira nchitoyi, amayang'anizana pang'ono-pang'ono ndi cimene amaopa, ndipo amadziletsa kucita cokakamizika cija. Bambo wa kanthemba amakhoma loko kamodzi n'kupita kunyumba osabwerera. Mantha amakwera, kenako amatsika okha. Akacita zimenezi masiku ambiri, ubongo umaphunzira kuti kubwerera kunalibe nchito.

Apa ndi pamene funso lathu likhala lofunika. Ngati mai uja ndi nasi wake akhulupirira kuti pali maganizo okha, sadzadziwa cimene ayenera kuleka. Adzayesa kucotsa ganizo, cinthu cimene taona kuti sicitheka. Koma akazindikira kuti kuwerenga mapemphero, kudzifufuza ndi kufunsa-funsa amuna ake ndizo zocita zake, nchito imayamba. Amaphunzira kulola ganizo libwere ndi kupita osaliyankha, ndipo m'kupita kwa masabata amabwezera mipeni m'khichini n'kudula ndiwo mwana ali kumsana. Zimenezi zicitike mwa dongosolo ndi wa zaumoyo. A m'banja asakakamize wodwala mwa ukali.

Palinso mankhwala, monga fluoxetine ndi clomipramine, amene amagwira nchito pa cinthu ca mu ubongo cochedwa serotonin. Mankhwalawa amatenga masabata 8 mpaka 12 kuti aonetse mphamvu yake yonse, conco musataye mtima pa sabata laciwiri. Akathandiza, kawiri-kawiri dokotala amalangiza kupitiriza kwa caka kapena kuposerapo, ndipo kuleka mwadzidzidzi kungabweretsenso matendawa. Mai woyamwitsa kapena wapakati auze dokotala kuti amusankhire oyenera. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam sacotsa OCD, ndipo mowa ndi camba zimangoonjezera bvuto. Odwala oposa theka amene amatsatira cithandizo amapeza mpumulo waukulu, ndipo ambiri amabwerera ku nchito zao.

KUMENE MUNGAPITE

Yambani pa kiliniki imene ili pafupi ndi inu, kapena ku Chadiza District Hospital. Funsani ngati pali nasi kapena kiliniko ofesa wophunzira za matenda a maganizo. Ngati pafunika cithandizo coposa, adzakulemberani kalata yopita ku Chipata Central Hospital, kumene kuli gawo la matenda a maganizo. Cipatala cacikulu ca matendawa m'dziko lathu ndi Chainama Hills ku Lusaka, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1962, koma odwala OCD ambiri safunika kugonekedwa. Amalandira cithandizo akucokera kunyumba.

Ambiri amaopa kuti akapita kumeneko anthu adzawacha amisala. Dziwani kuti m'caka ca 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la Mental Health Act, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la m'nthawi ya atsamunda. Lamuloli limateteza ulemu wa odwala matenda a maganizo ndipo limaletsa kuwasala.

Pofotokoza kwa wa zaumoyo, nenani zonse ziwiri: ganizo limene limabwera, ndi cimene mumacita pambuyo pake, ngakhale cikhale ca mumtima. Ngati mucita manyazi kulankhula, lembani pa pepala n'kupereka, kapena tengani tsamba lino n'kuloza ndi cala ndime imene ikunena za inu. Akulu anati safunsa anadya phula.

ZIMENE A M'BANJA ANGACITE

1. Munthu akakuuzani ganizo lake loopsa, dziwani kuti walimba mtima kwambiri. Musamudzudzule ndipo musakaulule kwa anansi kapena ku mjigo.

2. Musamuuze kuti angoleka kuganiza. Akanatha akanaleka kale.

3. Cepetsani pang'ono-pang'ono kuyankha funso limodzi-modzi. Bambo angauze akazi ake kuti, "Amake mwana, funsoli ndayankha kale m'mawa, ndipo tinagwirizana ndi anasi kuti ndisabwereze. Ndili nanu pano, tidikire mantha atsike." Kambiranani njirayi pa nthawi ya mtendere, wodwala abvomere.

4. Musalowe nao m'zocita zake, monga kumuonera loko kapena kusintha zobvala cifukwa iye wanena.

5. Mwana wobwereza zinthu asamenyedwe. Kambiranani ndi aphunzitsi ake ndipo mupite naye kukiliniki.

6. Musagulitse mbuzi, njinga kapena cimanga ca banja kulipira amene akulonjeza kucotsa ganizo tsiku limodzi. Ngati banja lifuna mapemphero, apitirire limodzi ndi cithandizo ca kucipatala.

7. Mukapita kumudzi, kaya kwa Mlolo, kwa Zingalume kapena kwa Mwangala, fotokozerani acibale zimene mwaphunzira. Matendawa sali m'tauni mokha.

MAFUNSO OKAMBIRANA PABANJA KAPENA PA GULU

1. Chulani mbali ziwiri za OCD ndipo perekani citsanzo ca mbali iliyonse.

2. Pa odwala 100 amene Foa ndi Kozak anafufuza, ndi angati anali ndi mbali zonse ziwiri?

3. Chulani zocita zitatu zokakamizika zimene sizioneka ndi maso.

4. Kodi mai wa OCD amasiyana bwanji ndi mai amene wasokonezeka mutu atabereka? Ndani ayenera kupita kucipatala tsiku lomwelo?

5. N'cifukwa ciani kuyankha funso limodzi kambiri-mbiri sikuthandiza wodwala?

6. Mlamu wanu atakuuzani kuti mau onyoza Mulungu amamubwerera ali m'chalichi, mungamuyankhe ciani?

Owerenga athu, bambo wa loko uja anthu amamuona ndipo mwina wina adzamulangiza kupita kucipatala. Mai wa khanda palibe amene adzamuona ngati sanena yekha, ndipo sadzanena ngati akudziwa kuti m'nyumba mwake adzamucha mfiti. Ngati m'banja mwanu muli munthu amene waonda, wakhala wacete ndipo amafunsa funso limodzi tsiku lonse, khalani naye pansi pa awiri n'kumufunsa mofatsa cimene cikumusautsa. Mutu umodzi susenza denga. Sungani tsamba lino, ndipo mukatha kuwerenga mubwereke anansi anu.